Dzanja Lamanzere la Sebastiano

Mlongo wanga Sebastiano anali munthu woti mukhoza kukwera naye bwato kuchokera ku Chiromo mpaka ku Nsanje osamva mawu ake, kupatula pokuuzani kuti musunthire pakati chifukwa mukupendeketsa bwatolo. Anthu ankati ndi wofatsa. Ine amene ndinamubereka kumsana ali khanda ndikuti kufatsa ayi, anali wamanyazi, ndipo manyaziwo anamuwonongera zambiri kuposa nkhondo.

Tinabadwa atatu: achimwene a Hilario, ine Rute, ndi iyeyo mzime. Makolo athu anathawa chibalo cha Apwitikizi kutsidya nadzamanga m'mbali mwa Shire kumunsi kwa Bangula. Bambo ankaolotsa anthu pa mwadiya, bwato losemedwa ku mtengo umodzi, ndipo atamwalira ntchitoyo inatsalira anyamata awiriwo. Sebastiano ankaima kutsogolo ndi nsungwi yaitali yokankhira, a Hilario kumbuyo ndi nkhafi.

A Hilario anali amanzere. Mayi anawamenya dzanjalo ndi mthiko mpaka anatopa okha. Kwathu kuno kupereka kapena kulandira chinthu ndi manzere ndi chipongwe, koma iwo ankalandira choncho ngakhale kwa akuluakulu, n'kuseka, akuluakuluwo n'kusekanso. Anali a phokoso, oimba, oti akamaolotsa amayi a mitolo ya thonje tsidya lonse limadziwa. Zimene wina akanalipitsidwa nazo nkhuku, iwo ankangopatsidwa nazo moni.

Emelia anali wa kutsidya, ndipo ankaoloka kudzagulitsa mbiya. Woyamba kumuona anali Sebastiano. Tsiku limene Emelia akuoloka, iye ankalawirira kukadula udzu n'kuyala m'mwadiya kuti mbiya zisagundane. Anachita zimenezi chilimwe chonse osatsegula pakamwa, ngati udzuwo ndi umene ukamufunsirire mbeta. A Hilario anangomuimbira Emelia nyimbo ziwiri pakati pa mtsinje, mvula isanagwe nkhani inali itatha. Tsiku lobweretsa mkwatibwi, Sebastiano yemweyo ndiye anakankha mwadiya, ndipo anayalanso udzu. Ine ndinaona zonsezi, ndipo ndinapsa naye mtima kosaneneka.

Emelia atakhala pabanja dzinja limodzi lokha, amesenjala a boma anabwera kudzatenga amuna a mtengatenga, okasenza katundu wa asilikali ku nkhondo ya Jeremani. Munali mu 1917. Anatenga alongo anga onse awiri. Mwadiya unatsala m'manja mwa mwamuna wanga Paison.

Nkhondo itatha anabwera Sebastiano yekha, ali wowonda ngati bango, atavala jekete la asilikali lomukulira. A Hilario anafa ndi kamwazi panjira, kumapiri a dziko limene ngakhale dzina lake sankalidziwa, ndipo iye anawakumbira manda ndi chikwanje. Pambuyo pake kachitsulo ka mzinga kanamulowa pa liwombo. Anapulumuka, koma pamalopo panatsala chipsera cholowa m'kati, chosamera tsitsi.

Maliro tinalira, koma Emelia anakana kumeta. Ankati sangamete maliro a munthu amene manda ake sanawaone. Anasiya kudya, anasiya kuumba mbiya, ankangokhala pakhonde kuyang'ana njira ya ku Chiromo.

Za dzanja la mlongo wanga tinayamba kuziona pagombe. Sebastiano ankamangirira mwadiya pachikhomo. Dzanja lamanja linamanga mfundo bwinobwino, kenako lamanzere linabwera n'kumasula. Anamanganso, linamasulanso. Ine ndinayesa akusewera, mpaka nditaona thukuta pamphumi pake. Kuyambira tsiku limenelo zinangokulirakulira. Akamanga mabatani a jekete, lamanzere limatsatira pambuyo kumasula. Akatola mbatata kuti adye, limalanda n'kubwezera m'mbale. Atayesa kukankha mwadiya linangotaya nsungwi m'madzi. Ankalikalipira ngati mwana, “Leka, iwe!” Ankalikhalira, nthawi zina kulimangirira m'chiuno ndi luzi. Silinali lopuwala ayi, linali ndi mphamvu zake zonse, koma silinkamumvera.

Amene anayambitsa nkhani ya mzimu ndi mwamuna wanga, munthu woti pakamwa pake palibe chitseko. Tsiku lina masana amuna ankamwa mowa wa uchema pansi pa mgwalangwa. Chikho chikupita kwa mkulu wina, dzanja la Sebastiano linatambasuka n'kuchilanda, lamanzere, pamaso pa anthu. Onse anangoti zii. Paison, pofuna kuphimba manyazi a mlamu wake, anaseka nati, “Awa ndi alamu anga a Hilario awa! Ndani wina m'mudzi muno ankalandira mowa ndi manzere?”

Iye ankanena zoseka, koma palibe anaseka. Pofika mawa lake mudzi wonse unali utagwirizana kuti a Hilario, poikidwa kutchire popanda mwambo, anakana kutsala kumeneko ndipo anabwerera kwawo atakwera m'dzanja la mng'ono wawo. Ndani akanatsutsa? Dzanjalo linali losamva, lachipongwe, lolanda za eni ake, ndendende mwini wake. Lamulungu tinkapemphera korona kutchalitchi, Lolemba amayi odutsa n'kumapereka moni kawiri, wina kwa Sebastiano, wina kwa dzanja.

Nkhani inamupeza Emelia pakhonde pake paja. Masana ena Sebastiano ali pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yanga, Emelia anabwera ndi mbatata yootcha m'kambale. Anagwada kumanzere kwake n'kuika kambaleko pansi. Dzanja linasiya mbatata, linapita n'kukamugwira pamkono. Linamugwira mofatsa, chala chachikulu chikusisita pang'onopang'ono.

“Mwabwera, amunanga?” anatero Emelia.

Analira tsiku limenelo kulira kumene sanalire pamaliro. Madzulo ake anadya.

Kuyambira pamenepo ankabwera masana aliwonse, dzuwa likapendeka. Ankalisambitsa dzanjalo, kuliwenga zikhadabo, kulidzoza mafuta a nsatsi. Ankaliuza kuti denga likudontha, kuti nkhuku ija yaswa, kuti dothi la kudambo lasintha ndipo mbiya zikung'aluka. Ankaliuzanso zina zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha, zoti ine ndikamva ndili pamtondo ndinkasinja mwamphamvu kuti zisandilowe m'khutu. Ndipo chodabwitsa n'chakuti likakhala m'manja mwa Emelia dzanjalo linkakhala phee, osalanda kanthu, osamasula kanthu. Mwini dzanja ankatembenuzira nkhope kumtsinje. Emelia sankamuyang'ana kapena kumuyankhula, osati mwa chipongwe, koma monga momwe munthu sayankhulira mpando umene mlendo wake wakhalapo. Thupi lake linabwerera, anayambanso kuumba, ndipo tsiku lina ndinamumva akuimba kuchitsime.

Nditamupeza yekha ndinamufunsa mlongo wanga kuti zimenezi akuzimva bwanji.

“Achemwali,” anatero, “ndimaona ndi maso kuti lamugwira. Koma mutandifunsa kuti khungu lake ndi lofunda kapena lozizira, sindingakuuzeni. Sizifika kwa ine.” Kenako anafunsa kuti, “Munthu angachitire nsanje dzanja lake lomwe?”

Ndinamumvera chisoni kwambiri.

Akuluakulu a banja anagwirizana kuti thonje likakololedwa timete maliro, popeza tsopano Emelia anali atavomera. Pa tsiku lotero mkazi wamasiye amafunsidwa ngati akufuna kutsala pabanja, kulowedwa chokolo ndi mbale wa malemu, kapena kubwerera kwawo. Aliyense ankadziwa yankho. Emelia anali atandiuza kale kuti, “Nkhabe, alamu, sindipita. Ndingawasiye bwanji amunanga atayenda ulendo wonse uja kundilondola?” Ndiye kuti Sebastiano anali pafupi kupeza mkazi amene anamuyalira udzu chilimwe chonse chija. Amuna ankamumenya paphewa pomuyamikira. Iye ankangoyang'ana pansi.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti ku Nsanje kwabwera dokotala woona amuna ovulala ku nkhondo. Sebastiano anati akufuna kupita, mwina angamupatse mankhwala oti agwirenso nsungwi. Paison anatitsitsa ndi mwadiya. Dokotalayo anali mzungu wamtali wotopa ndi kutentha kwa kuno, ndipo womasulira anali a Symon, amene ankatsuka zilonda pachipatalapo, munthu wa kwa Katunga.

Dokotala anapapasa chipsera chija nthawi yaitali. Kenako anamumanga Sebastiano nsalu kumaso n'kumuika supuni m'dzanja lamanja.

“N'chiyani ichi?” anafunsa a Symon.

“Supuni.”

Anamuika chipeso m'dzanja lamanzere. “Nanga ichi?”

“Sindikudziwa. Mwala kapena.”

Pakamwa pakunena choncho, dzanja linakweza chipeso n'kuyamba kupesa tsitsi. Ine ndinadzigwira pakamwa. Dokotala anasakaniza chipesocho ndi zinthu zina patebulo, ndipo dzanja lamanzere linafufuza n'kuchitola, maso ali omangidwabe. Atamufunsanso chimene watola, Sebastiano anati sakudziwa.

Dokotala anayankhula nthawi yaitali, a Symon akugwedeza mutu. Potsiriza anatembenukira kwa ine. “Mayi, munaswapo mutu wa mbuzi?”

“Kangati konse.”

“Ndiye mukudziwa kuti ubongo uli mbali ziwiri. Wa munthu ulinso choncho. Mbali ya kumanzere imatuma dzanja lamanja, ndipo ndi imene imayankhula. Mbali ya kumanja imatuma dzanja lamanzere. Pakati pake, pansi, pali mtolo wa timitsempha toyera tolumikiza mbali ziwirizi, kuti chimene ina yadziwa, inzake idziwenso. A dokotala akuti zoterezi anaziwerengapo koma sanazionepo ndi maso. Akuganiza kuti kachitsulo kaja kanadula mtolo umenewo. Mbali zonse zili moyo, koma sizikuuzananso kanthu. Mankhwala ake palibe.”

“Nanga achimwene athu a Hilario ali mbali iti?” ndinafunsa.

A Symon sanamasulire funso limenelo kwa mzungu. Anandiyankha okha, motsitsa mawu. “Mayi, m'mutu umu muli munthu mmodzi. Dzanjali likuchita za mwini wake yemweyu. Kungoti mbali imene ikulituma ilibe pakamwa.”

Patapita masiku, Paison anapha mbuzi kwa anthu otithandiza kutola thonje, ndipo Sebastiano anapempha mutu. Anandiitana kuti ndimugwirire. Anauswa ndi nkhwangwa mosamala, nachotsa fupa la pamwamba. Ubongo unali mbali ziwiri monga ndinkaudziwira, koma sindinayambe ndasuzumirapo pakati, chifukwa munthu wanjala sasuzumira. Iye anakankha mbali ziwirizo ndi chala chachikulu. Pansi pake panali kachinthu koyera kopingasa, kosalala, kosaposa chala cha mwana. Anathyola kabango n'kukadula. Mbali ziwiri zija zinagwera uku ndi uku.

Anaziyang'ana mpaka ntchentche zinayamba kutera.

“Ndiye ndine,” anatero. “Nthawi yonseyi amene ndimamugwira Emelia ndine.”

Ndinadziwa pomwepo chimene chinali m'mutu mwake, ndipo ndinamukalipira. “Iwe, utseke pakamwa pakopo. Wamva? Mkazi ukumupeza, iye wapeza mwamuna wake, ndani akulira? A Symon ali ku Nsanje, ine sindinamve kanthu, Paison anali panja. Ukufunanso chiyani?”

“Azidzaphikira ine, achemwali, kapena dzanja? Mwana akadzabadwa adzati ndi wa yani?”

“Adzazolowera! Akazi tonse timazolowera. Ine ndinamuzolowera Paison.”

“Ndikufuna andione kamodzi kokha.”

Taonani munthu ameneyu. Zaka zonse anakhala chete pamene pankafunika kuyankhula, ndiye tsiku limene pankafunika kukhala chete ndi limene anapeza lilime. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, ndipo mpaka lero sindinabweze mawuwo.

Anamuuza Emelia masana a mawa lake, pansi pa bwemba pomwe paja. Ine ndinali pamtondo, ndipo ulendo uno sindinasinje mwamphamvu. Emelia anali atayamba kudzoza dzanja mafuta, pamene Sebastiano anatembenuza nkhope kuchoka kumtsinje.

“Alamu,” anatero, “achimwene ndinawaika ndekha. Anatsala komweko. Sanabwere.”

Emelia anadzidzimuka ngati mtengo wayankhula. Sebastiano anafotokoza za dokotala, za chipeso, za timitsempha toyera todulidwa. Ankafotokoza mosokoneza, kubwerezabwereza, thukuta lili kamukamu.

“Mzunguyo ankawadziwa amunanga?” anafunsa Emelia mokwiya. “Anawaonapo? Dzanja ili limandigwira mmene ankandigwirira iwo.”

“Limakugwirani mmene ndinkafunira kukugwirani ine, kuyambira muja munkaoloka ndi mbiya. Udzu uja ndinkayala ndine. Achimwene sankadziwa n'komwe kuti m'mwadiya muli udzu.”

Ndinaona mkwiyo ukuchoka pankhope pa Emelia, m'malo mwake mukubwera china choipa kuposa mkwiyo.

“Ndiye zonse zija ndinkanena,” anatero ndi mawu aang'ono, “munkamva?”

“Ndinkamva.”

“Zonse?”

“Zonse.”

Anasolola mkono wake, anadzifunditsa nsalu kumutu mpaka kumaso, napita kunyumba kwake akuthamanga. Kansupa ka mafuta kanatsala pansi katagubuduka. Miyezi yonse ija anali akuvula mtima wake pamaso pa mlamu wake, mwamuna womufuna, akuyesa ali ndi mwamuna wake. Kwathu kuno mkazi akhoza kupirira njala, akhoza kupirira umasiye, koma manyazi otero sakhala nawo mudzi umodzi. Ndinapita kukamunyengerera, anandiyankhira chitseko chili chotseka. Ndinamva akulira maliro a Hilario kachiwiri, ndipo ulendo uno analira ngati munthu amene waona manda.

Tsiku lometa anameta. Akuluakulu atamufunsa, anayankha maso ali pansi kuti, “Ndipita kwathu.” Anthu anadabwa, ena anati mzimu wamukana, ena anati wapeza wina kutsidya. Ife atatu amene tinkadziwa sitinanene kanthu.

Tinamuolotsa m'mawa, nkhungu isanachoke pa mabango. Paison anali kumbuyo ndi nkhafi, ine pakati ndi Emelia ndi mtolo wake. Sebastiano anakakamira kubwera. Anakhala kutsogolo atakhalira dzanja lake lamanzere, akuyang'ana madzi.

Titafika kutsidya, Emelia anasenza mtolo n'kuyenda kupita kutsogolo kuti atsike. Sebastiano ananyamuka kuti amupatse njira. Ponyamukapo dzanja linamasuka, ndipo linamugwira Emelia pamkono, pamalo pomwe paja. Ulendo uno linagwira zolimba. Emelia anaima, phazi limodzi lili m'matope, lina m'mwadiya. Ine ndinayembekeza kuti aweramira dzanjalo n'kulitsanzika monga ankaliyankhulira masiku onse. Sanatero. Anakweza maso n'kumuyang'ana Sebastiano kumaso, nthawi yaitali ndithu, misozi ikutsika.

“Ndisiyeni, alamu,” anatero.

Dzanja silinamve. Sebastiano anachita kumatula zala zake yekha ndi dzanja lamanja, chimodzichimodzi, china akachimatula china n'kubwerera, mpaka mkono unamasuka. Emelia anakwera gombe nalowa m'kanjira ka m'mabango. Tinaona mtolo wake ukuyenda pamwamba pa mabangowo kwa kanthawi, kenako sitinauonenso.

Sanabwerenso kuno. Tinamva patapita zaka kuti anakwatiwa cha kumapiri a Chiperoni ndipo anabereka ana. Sebastiano sanakwatire. Anakhala kuseri kwa nyumba yanga mpaka imfa yake, akusoka maukonde a asodzi ndi dzanja limodzi, ukonde ataupana ndi zala za kuphazi. Dzanja lija linafatsa ndi ukalamba, koma silinagwirenso nsungwi. Mwadiya ukamachokera kutsidya ankasiya kusoka mpaka anthu onse atatsika, kenako n'kupitiriza. Ndimamusowa mlongo wanga, ndi uchitsiru wake womwewo.

Koma tsiku lomuolotsa Emelia lija, pobwerera, ndinali nditamukwiyira kwambiri moti sindinafune n'kumuyang'ana komwe. Tili pakati pa mtsinje ndinamva akundiitana.

“Achemwali.”

Ndinatembenuka ndili wokonzeka kumulalatira. Zala zake zamanzere zinali zikutsekuka ndi kutsekeka pabondo, misozi ili m'masaya, koma nkhope yake inali yowala mmene sindinaionerepo chibwerere ku nkhondo.

“Mwamva?” anatero. “Sanati amunanga. Amauza ine.”